Basela m'zipolopolo za alamu

Lachitatu lapitali ndinalawirira pa njinga kupita ku Mtunthama, kuponi ili m'thumba la malaya, kuti ndikatenge thumba langa la feteleza. Tinaima pamzere mpaka dzuwa kufika paliwombo, kenaka anatiuza kuti lole sinafike, tidzabwerenso Lolemba. Sindinakwiye. Zaka za makuponizi zatiphunzitsa kudikira, komanso ine ndinali ndi kokapumira. Alamu anga a Mwale, mlongo wawo wa akazi anga, amakhala chapafupi pomwepo, pa esiteti ya fodya imene akhala akuyang'anira kuyambira ine ndisanakwatire.

Alamu angawa ali ndi masewero amene ambirife kuno sitiwadziwa. Amachita mipikisano yowombera chandamale ndi mfuti yaing'ono ya m'manja ija. Musadzidzimuke, si achifwamba. Mapepala a boma ali nawo onse, ndi mkulu wa mpingo, ndipo chiyambire sanaphepo ngakhale njiwa. Amawombera pepala lojambulidwa mizere yozungulira, basi. Anaphunzira kwa mwini esiteti wakale, amene pochoka anawasiyira mfutiyo ndi zipangizo zake.

Zipolopolo sagula zopangiratu. Amati za m'sitolo sadziwa kuti wapanga ndani, nanga anali atagona bwino kapena ayi. Amatolera timakoko ta mkuwa totsala akawombera, n'kutitsuka, n'kuthiramo wonga watsopano, n'kutseka pa kamakina kokhala ndi mkono, kooneka ngati mwana wa jeke yodindira mabelo a fodya. Chimodzichimodzi, ndi dzanja lawo.

Loweruka kunali mpikisano ku Lilongwe, ndipo kwa iwo unali womaliza. Maso awo ayamba kuchita nkhungu. Akazi awo, a Naphiri, anali atagamula kale kuti akabwerako apite kwa dokotala wa maso, mfutiyo akaibweze kwa oyenera. Alamu anavomera, koma ankafuna kutsanzikana ndi anzawo mutu uli m'mwamba. Sabata yonse anali akukonza zipolopolo za tsiku limenelo.

Ndinawapeza m'kachipinda ka kuseri, magalasi ali pamphuno.

"Alamu, mwabwera ndi feteleza kapena ndi njala?" anandifunsa osatembenuka.

"Ndi njala, alamu. Lole akuti ikubwera."

"Khalani apo. Manja m'thumba."

Ndinakhala pa mpando n'kumaonerera. Amatunga wonga ndi kasupuni kochepetsetsa, n'kusesa pamwamba pake kuti pakhale thyathyathya, n'kuuika pa kasikelo. Akayang'ana, nthawi zina amachotsako kambewu kamodzi, kochepa kuposa njere ya fodya. Kunena zoona zinandinyansa. Ankaoneka ngati wagolosale woumira amene amabweza shuga m'thumba wogula akuona.

"Kuumira kwanuku, alamu, mpaka kumana mfuti chakudya?"

Anangoseka.

Posakhalitsa pakhomo panafika mmodzi wa matenanti, kudzanena kuti pampu ya ku nazale yasiya kukoka madzi ndipo mbande za fodya zayamba kufota. Mukudziwa dzuwa la mwezi uno. Alamu anavula magalasi, naima.

"Ndikubwera. Musagwire kanthu."

Tsopano ndikuuzeni zimene zinali mu mtima mwanga, chifukwa si mwano. Chinali chisoni. Munthu wamkulu, maso otopa, ntchito ikadali mulu, ndipo Loweruka akaima pamzere ndi anyamata a m'tauni a maso akuthwa. Ine kukhala chabe manja m'thumba ngati mlendo? Ndinali nditaonerera mokwanira. Ndinasendera pa mpando wawo, ndinatunga wonga, koma sindinasese pamwamba. Ndinadzazitsa kasupuni mpaka kanachita kaphiri, monga mmene mayi wa ulemu wake amadzazira mbale ya mtedza pa msika. Ndinakoka mkono wa kamakina kaja momwe iwo ankachitira, ndipo chipolopolo chikatuluka ndinkachiponya m'bokosi momwe munali zinzake. Ntchito inkakoma.

Atabwera ndinawalandira ndi mano onse panja.

"Alamu, ndakupunguliraniko ntchito. Ndipo zangazo ndaikamo kabasela, zikafike msanga."

Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anakhala pansi pang'onopang'ono, napukuta magalasi ndi malaya.

"Zingati?"

"Mwina zisanu. Mwina kuposerapo pang'ono."

"Zili kuti?"

Ndinaloza bokosi. Tonse tinasuzumiramo. Zinali mbuu kunyezimira, zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi, zanga ndi zawo osasiyanitsika.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "'mwina' wanuyo ndi amene amadula anthu zala. Wonga ukapitirira muyezo, mfuti imaphulikira m'manja. Dzanja ili ndi limene ndimadyera, ndi limene ndimanyamulira zidzukulu. Ndipo pamzere paja sindiima ndekha. Kumanja kuli mwana wa munthu, kumanzere kuli mwana wa munthu."

Ndinayesa nzeru zanga. Ndinati tiziyeze pa sikelo chimodzichimodzi, zolemerazo ndiye zanga. Anati timakoko tokhato timasiyana kulemera, sikelo singatiuze zoona. Ndinati nanga tikakayesera kuseri kwa chulu, kutali ndi anthu?

"Tikayesere ndi dzanja la ndani? Lanu?"

Ndinabweza manja m'thumba.

Panalibe njira ina. Bokosi lonse linayenera kumasulidwa, chimodzichimodzi, wonga kukhuthulidwa, ntchito ya sabata yathunthu kuyambiranso, Loweruka lili pakhomo. Akanalephera kumaliza, mpikisano wawo womaliza ukanadutsa iwo ali pa khonde, chifukwa cha ine. Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo ndinachita mantha poganiza kuti chimene chinawapulumutsa ndi kudzitama kwanga. Ndikanakhala munthu wochita zabwino mwakachetechete, lero tikanakhala tikukamba zina.

A Naphiri atamva anabwera pakhomo la kachipindako, manja m'chiuno.

"Alamu, mtima wabwino muli nawo, sitikana. Koma polowa muno muziusiya panja pamodzi ndi nsapato."

Ndinaimbira akazi anga kuti sindibwera. Nditafotokoza, anati, "Achimwene anakuuzani kuti musagwire?" Ndinati inde. Anati, "Ndiye mukhale komweko mpaka akukhululukireni. Mbuzi ndidyetsa ndekha."

Lachinayi ndi Lachisanu ndinakhala ku nazale m'malo mwa alamu, kuti iwo asasokonezedwe. Pampu inali isanakonzedwe, ndiye ndinanyamula kheni pamodzi ndi matenanti, kutunga ku dambo n'kumathirira mbande. Msana unandiuza zaka zanga. Koma munthu ukamathirira umakhala ndi nthawi yoganiza, ndipo ndinaganiza za basela.

Ine basela ndimamukonda, ndipo wina asayese kundinyozera. Ndi chimodzi mwa zinthu zokoma za dziko lino. Ukagula tomato, mayi uja amaponyamo wina wopindika pamwamba. Ukagula usipa, dzanja limabwereranso m'dengu. Sikuti zinthuzo zamuchulukira. Akukuuza kuti wakuona, ndiwe munthu, ubwerenso. Malonda opanda basela amakhala ngati moni wopanda kugwirana chanza.

Ndiye tinakula tikudziwa kuti muyezo wosesedwa pamwamba ndi wa munthu woipa mtima. Ndipo tili ndi zifukwa. Ndani mwa ife sanaonepo ndowa yogulira chimanga yotukumuka m'mbali, ndi yogulitsira yophwanyidwa kunsi? Taberedwa kokwanira pa miyezo, mwakuti tikaona munthu akusamala muyezo timaganiza kuti akufuna kutidyera. N'chifukwa chake ndinaona kuumira pamene alamu ankasamala moyo.

Vuto ndi lakuti basela ameneyu timalowa naye paliponse.

Taganizani za feteleza yemweyu amene tikumuimira pamzere. Alangizi anatiuza kuti kachitsekerero ka botolo kamodzi pa phando, kosadzazitsa. Tinavomera tonse, mitu ikugwedera. Koma tsiku lothira likafika, mizere yoyamba, ya kufupi ndi njira kumene anthu amadutsa, timaithirira ndi chikondi. Dzanja limalemera. Kachitsekerero kamachita kaphiri, chimanga china mpaka kupsa masamba. Tikamafika pakati pa munda thumba layamba kupepuka, tikamafika kumapeto tikukung'untha fumbi. Mwezi wa Febuluwale munda umodzi umaoneka ngati wa anthu awiri, wolemera kumtunda, wamasiye kumunsi. Inde, thumbalo ndi lochepa, makamaka tikagawana mabanja awiri kapena atatu monga tichitira m'midzimu. Koma kodi likachepa si pamene liyenera kuyezedwa bwino?

Pitani ku dimba mukaone mmene timasungunulira mankhwala opopera tomato. Pa botolo alemba muyezo, ife timaonjezera kuti mbozi zimve. Pothira mankhwala m'chimanga chosunga timaonjezeranso kuti anankafumbwe adziwe kuti pano pali bambo, kuiwala kuti chimangacho tidzadya ndife. Mwana akatentha thupi, kuchipatala anena kuti theka la piritsi, ife timamupatsa lathunthu kuti achire msanga. Amene amachita zimenezi si mfiti. Ndi mayi wokonda mwana wake, ndi bambo wofuna banja lake lidye. N'chifukwa chake n'zovuta kudzudzula. Munthu wakuba ungamuloze chala, nanga munthu amene wakuonjezera umuuza chiyani?

Alamu anandiuza mawu ena Lachisanu madzulo, nditabwera ku nazale matope ali m'miyendo. Ndinaima pakhomo, osalowa. Bokosi linali litadzazanso.

"Mukudziwa chimene ndimakondera masewero amenewa?" anatero. "Si phokoso ayi. Ndi chakuti ndikaphonya, ndimadziwa kuti waphonya ndi ine. Chipolopolo chilichonse ndi chofanana ndi chinzake, ndiye palibe woti ndimunamizire. Osati mvula, osati boma, osati mlamu."

Ndinaseka, koma mawuwo anandilowa. Ife alimi tili ndi ambiri owanamizira, ndipo ena mwa iwo ndi olakwadi. Koma pakati pawo pamabisala dzanja lathu lomwe, limene silithira mofanana pa phando loyamba ndi lomaliza.

Loweruka alamu ananyamuka m'mamawa, ine n'kubwerera kwathu ku Kaomba. Tsiku lonse ndinali wosakhazikika. Ndinkadziwa kuti anamasula zonse, ndinaona ndi maso anga, komabe mtima unkangoti nanga chimodzi chikanagwera pansi n'kutoledwa? Foni ikalira ndinkadumpha. Akazi anga anandithamangitsa m'nyumba kuti ndikuwazunguza mutu.

Dzulo Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinapalasanso njinga. Alamu ndinawapeza pa khonde, atavula nsapato, nkhope ili yowala. Sanapambane. Anakhala wachitatu, kumbuyo kwa anyamata awiri amene akanatha kukhala ana awo. Anati zipolopolo zonse zinapita kumene anazituma, zimene zinaphonya ndi maso, ndipo maso alibe nawo mlandu chifukwa awagwirira ntchito zaka zambiri. Anzawo anawaombera m'manja potsanzikana. Sindinaonepo munthu wachitatu wokhutira chotero.

Popereka moni ndinagwira dzanja lawo lamanja nthawi yaitali kuposa mmene mwambo umafunira. Linali lofunda, lokhakhala, lathunthu. Iwo anadziwa chimene ndinkachita.

"Zala zonse zilipo, alamu. Mukhoza kundibwezera."

Lero Lolemba, ndikamaliza kulemba izi, ndibwerera pamzere paja. Lole ikafika, thumba langa ndilitenga, ndipo mvula ikagwa ndidzayamba kuthira kumunsi kwa munda, kumene kulibe wondiona, kachitsekerero kali kosesedwa pamwamba. Nanga inu, awerengi, ndi pati pamene dzanja lanu limalemera chifukwa cha chikondi, ndipo amene amalipira ndani?

Koma ndisakusiyeni ngati ndadana ndi basela. Dzulo lomwelo a Naphiri anabweretsa tiyi pa khonde. Ndinatambasula dzanja kuti nditenge supuni ya shuga, alamu n'kundilanda. Anatunga okha, kudzazitsa mpaka kuchita kaphiri, nathira m'kapu mwanga. Anatunganso kachiwiri, kenaka anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Apa pokha, alamu," anatero.