Mwana wa Sukulu wa Imvi M'kalasi Mwanga

Chaka chimene ndinali woyembekezera mwana wanga woyamba, ndinkaphunzitsa masamu a Sitandade 8 pa sukulu ina ya pulayimale kuseri kwa Bangula. Ine kwathu ndi ku Mulanje, ndiye kutentha kwa kuchigwa kunkandikwiyitsa ngati kukuchitira dala. Teremu yoyamba itangoyamba kunabwera mlangizi wa maphunziro pa njinga yamoto, n'kutisonkhanitsa aphunzitsi tonse pansi pa mtengo wa nimu. Anati aliyense atchule chinthu chimodzi chimene akufuna kuti pofika kumapeto kwa chaka akhale atachidziwa bwino pa ntchito yake, ndipo anzake akhale mboni.

Tinatchula zomwe timatchula chaka ndi chaka. Wina dipuloma, wina kompyuta, pa sukulu yoti ndi magetsi omwe palibe! Ine ndinati ndikufuna kumagwiritsa ntchito zipangizo zopezeka m'dera, poti mawu amenewo mlangizi aliyense amawagwedezera mutu. Mumtima ndinkangofuna msonkhano uthe ndikamwe madzi.

Omaliza anali bambo ena achikulire a ku Mbenje, amene anayamba kuphunzitsa Sitandade 1 ine ndisanabadwe, ndipo anali atatsala pang'ono kupuma pa ntchito. Makolo ambiri a pa sukulupo anaphunzira a e i o u m'manja mwawo, moti akamadutsa pa msika anthu ankatsika pa njinga kuti awapatse moni. Anaimirira, n'kuvula chipewa.

"Ine ndikufuna masamu a Sitandade 8," anatero, n'kuloza ine. "Madamuwa mvula ikamatha adzakhala ali m'chikuta. Wowalowa m'malo kuno sabwera, tonse tikudziwa. Nanga ana aja akalowa m'mayeso ndi chiyani?"

Mayo ine, munthu wamkulu kutchula za pakati panga pagulu! Ndinazyolika. Koma palibe anatsutsa, poti zinali zoona. Aphunzitsi tinali ochepa, aliyense ali ndi kalasi yodzaza mpaka pakhomo, ndipo nkhani imeneyi tonse tinkangoizemba. Sitandade 1 inkaweruka msanga, ndiye iwo okha ndiwo anali ndi mpata. Mlangizi anawafunsa mwaulemu ngati masamu amenewo anawaphunzitsapo.

"Ayi bambo. Ndakhala ndikuwaopa kuyambira ndili mwana. N'chifukwa chake ndawatchula."

Ine ndinkayesa tizikumana mu ofesi ana ataweruka, chitseko chili chitsekere. Lolemba lake, ndili mkati mophunzitsa, ndinangoona munthu wa imvi akulowa, kope ndi pensulo zili m'manja, n'kupempha anyamata a pa desiki ya kumbuyo kuti asunthe pang'ono. Ana onse anadzambatuka kuti apereke moni. Iwo anangoti, "Khalani pansi, nanenso ndabwera kudzaphunzira."

Abale inu, thukuta linandituluka lina pamwamba pa linzake. Pa buleki ndinawatsatira, ulemu ndikuusunga koma mawu atakwera. "Bambo, mukufuna anthu azinena chiyani? Kuti kamtsikana ka ku Mulanje kakukuchititsani manyazi?" Anandiyankha modekha kuti mu ofesi akhoza kuphunzira masamu, koma sangaone pamene ana amasochera, ndipo ana amenewo ndi amene ndidzawasiyire. Ndinangobwerera m'kalasi ndikung'ung'udza.

Anthu ananenadi. Kwa ogulitsa nsomba nkhani inali yoti boma lawabweza kalasi. Mayi a kunyumba kwawo anabwera kwathu tsiku lina masana, kudzandipempha kuti ndiwaletse, poti zidzukulu zawo zinkabwera kunyumba zikulira ndi chipongwe cha anzawo. Ndinawauza kuti mayi, ndayesa, amuna anuwa ndi ouma mutu kuposa ine.

Ana a m'kalasi mwanga anali oti ukafunsa kuti "Mwamva?" onse pamodzi amati "Eee madamu," koma ukapereka ntchito, mbola. Bambowa analibe zimenezo. Dzanja m'mwamba: "Pepani madamu, ine mwanditaya. Fulakishoni yachiwiriyo mwaitembenuziranji?" Ndinkabwereza, nthawi zina mano nditaluma. Kope lawo linkabwera pamulu umodzi ndi a ana, ndipo akalakwa ndinkawathetha ndi cholembera chofiira chomwecho, poti anandiletsa kuwakondera. Ankalandira kopelo ndi manja awiri, anyamata a pa desiki yawo akusuzumira. Poyamba ana ankaseka mobisa. Kenaka ndinayamba kuona manja ena akukwera pambuyo pa dzanja lawo, ngakhale a atsikana amene sindinamvepo mawu awo. Belu likalira, ndinkawasiya atazunguliridwa, akufotokozerana m'Chisena zimene ine ndinanena m'Chingerezi.

Kunena zoona, mkwiyo wanga unasanduka mantha aulemu. Ndinkawayang'ana atapinda miyendo yaitali pa desiki ya ana, akufufuta ndi kulembanso, n'kumadzifunsa ngati ine ndingathe zotere ndikadzakalamba. Masiku anga atayandikira tinasinthana: iwo kutsogolo ndi choko, ine kumbuyo ndi miyendo yotupa. Mitu ingapo inali isanaphunzitsidwe pamene ndinakwera minibasi kupita kwa mayi anga.

Ndinachira bwino, mwana wamkazi. Ndinabwerera kuchigwa sabata ya mayeso, ndipo tsiku la masamu ndinamubereka kupita kusukulu. Oyang'anira mayeso anali ochokera ku sukulu zina, ife eni ake sitinkaloledwa kuyandikira, ndiye tinadikira kutsidya kwa bwalo la mpira. Bambowa anandipatsa moni, anamuona mwana, koma maso awo anali ku zitseko za makalasi. Anali atawonda.

Zitseko zitatsegulidwa ana anatuluka chothamanga. Ine ndinakonzeka kuwalandira, koma aaa, anangondiponyera "Moni madamu" n'kundidutsa, onse kwa bambo aja. Nsanje inandigwira, ndisaname. Onse ankalankhula nthawi imodzi za funso lomaliza, la thanki ya madzi, mutu umene bambowa anauphunzira okha m'buku n'kuuphunzitsa ine kulibe. Ana anawakumbutsa manambala ake, wina iyi wina iyo, mpaka funso lonse linakwana. Iwo anathyola kamtengo, n'kugwada pa dothi ndi buluku lawo lositasita, n'kuyamba kulemba pansi.

Atafika pa yankho ana anakuwa, ena kudumpha, poti ambiri anapeza lomwelo. Koma iwo sanamwetulire n'komwe.

"Musakondwe kaye," anatero. "Njira imeneyi ndinakuphunzitsani ndine. Ngati ndalakwa ine, mwalakwa nonse."

Phokoso lonse linatha. Akadali chigwadire, anatembenukira kwa ine n'kundipatsa kamtengo kaja. "Madamu, tandichongereni."

Ndinawerama, mwana ali kumbuyo. Ndinatsata mzere woyamba, wachiwiri, ndikupemphera chamumtima kuti Mulungu wanga, munthu uyu musamugwetse pamaso pa ana awa. Pochulukitsa panali bwino. Pogawa panali bwino. Ndinabwerezanso kuyambira pamwamba, poti ndinkadziwa kuti bodza sangalilandire. Kenaka ndinachonga pa dothipo, chichongo chachikulu mpaka kamtengo kanapindika.

"Takhuta," anathokoza m'Chisena, motsitsa mawu. Anakhala pansi pa fumbi pomwepo, n'kuphimba nkhope ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka. Ana sanakuwenso. Mmodzimmodzi anakhala pansi mowazungulira. Ine ndinangoima chilili, misozi ikutsika, ndikuopa ngakhale kusuntha phazi kuti ndingafufute zimene analemba.