Eyakoni ya Achimwene

Achimwene anga pochokera ku Joni anabwera ndi galimoto yoyera ya magalasi akuda. Kwathu konse, mbali ya ku Namitambo, ndiyo inali yoyamba kukhala ndi eyakoni, makina aja oziziritsa mkati mwa galimoto. Anthu ankachita kupempha kuti alowemo angomva kuzizirako, ndipo achimwene, poti kudzitama kunali m'magazi, ankawalowetsa awiriawiri. Ine ndinali makaniko, ntchito ndinaphunzira pa galaja ina ku Limbe, choncho galimotoyo ikangotsokomola ankaitana ine.

Patatha zaka ziwiri anayamba kutsokomola ndi eni ake. Alamu anali atatisiya kale, ndiye achimwene anachoka kuchikamwini nkubwerera pakhomo pa amayi. Anaonda mpaka lamba wa buluku kumachita kuboola ndi msomali. Matendawo tonse tinkawadziwa koma panalibe wowatchula. Anasiya kutuluka m'nyumba, ndipo galimoto inaima pansi pa mtengo wa mango miyezi isanu ndi umodzi.

Nthawi imeneyo nkuti tikuchokera mu njala ija, anthu akuba chimanga m'nkhokwe ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Amayi anaona kuti pakhomo ponse chinthu chokhala ndi loko wodalirika ndi galimoto basi. Anatonola chimanga chawo, matumba anayi, ena pa mpando wakumbuyo ena mu buti. Ine ndi amene ndinawanyamulira, nkuwayamikiranso kuti aganiza mwanzeru. Makaniko wathunthu, wa mapepala ake.

Mu Okutobala achimwene anayamba kubanika. Amayi anatuma uthenga, ndipo ndinafika Lachiwiri m'mawa ndi batire pa njinga. Tinatsitsa matumba, ndinamanga batire, injini inalira bwinobwino. Ndinalowa m'nyumba kukawauza achimwene kuti galimoto yadzuka, tiyeni kuchipatala cha mishoni.

“Eyakoni ikugwira?” anafunsa choncho ali gone pa mphasa.

“Sindinayese, achimwene. Tikangotsitsa magalasi mphepo ilowa.”

“Utsitse magalasi pa Namitambo? Anthu onse aja andione chonchi? Iwe, ine ndinatuluka pa msika uja ndili munthu. Kakonze eyakoni, apo ayi ndifera pompano.”

Amayi anayesa kuwanyengerera. Anati tiwafunditsa chitenje kumaso, achimwene anati sali maliro. Kutseka magalasi popanda eyakoni nakonso kunali kosatheka, chifukwa m'galimotomo munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa, ndipo munthuyo mpweya unali womuvuta kale. Ndinayang'ana pansi nkunena kuti, “Chabwino, achimwene, ndi kanthu kakang'ono.” Kwathu wamng'ono sakweza mawu kwa mkulu wake, ndipo ine ndinabisala m'mwambo umenewo mosavuta.

Nditadina batani, m'mabowo otulukira mphepo simunatuluke kalikonse. Ndinayamba ndi fyuzi, kachipangizo kamene kamapsa magetsi akachuluka, monga anandiphunzitsira ku galaja, ndipo ndinaipeza yopsa. Mtima unakhala pansi. Ndinaika ina, nayonso inapsa ndisanachotse chala pa batani. Fyuzi ikamapsa chotero ndiye kuti penapake mawaya akhudzana, ndipo penapake m'galimoto ndi dziko lalikulu. Ndinatsegula boneti, lamba wozunguza kompuresa, yopopa gasi woziziritsa, anali wolimba bwino. Ndinadina kavavu ka pa paipi ndi nsonga ya msomali, gasi anafuula kuti alimo. Pofika madzulo ndinali nditawotcha mafyuzi onse amene ndinali nawo, ndipo ndinkadziwa zinthu zambiri zimene sizinawonongeke.

Lachitatu ndinabwera ndi mafyuzi ena. Ndinamasula kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa wokwera, nkugona chagada, miyendo panja, mutu pansi pa dashibodi. Fungo linandiuza ndisanaone. M'nyumba ya fani munali chisa cha makoswe: zidutswa za siponji ya mpando, ulusi wa matumba, madeya a chimanga cha amayi, ndi tiana tinayi touma. Mawaya anali atawasenda mpaka mkuwa kuonekera. Ndinatukwana makoswe, ndinatukwana njala, koma wonyamula matumba uja ndinamusiya.

Ndili momwemo ndinkamva achimwene akutsokomola m'nyumba. Chifuwa chawo chinali chitasintha, chinkamveka ngati munthu akukoka ndowa m'chitsime chouma. Amayi anabwera nkuima pafupi ndi miyendo yanga.

“Mwanawe, mkulu wako sanamwe ndi phala lomwe. Timunyamule basi, akakwiyire komweko.”

“Ndapeza vuto, amayi. Pang'ono pokha.”

“Pang'ono unanena dzulo. Zengerezu adalinda kwawukwawu.”

Anachoka, ine osatulutsa ngakhale mutu. Ndinene zoona: pansi pa dashibodi panali pabwino. Pamenepo chilichonse chinali ndi chifukwa chake, waya wofiira ankapita kwa wofiira mnzake, ndipo chowonongeka ndinkatha kuchigwira ndi manja. M'nyumba muja munali chinthu chimene ndinkachiopa. Munthu amene anandiphunzitsa kupalasa njinga ndikanatha kumunyamula ndi mkono umodzi, ndipo sindinkafuna kudziwa kupepuka kwake.

Ndinalumikiza mawaya mmodzimmodzi, kukulunga ndi tepi. Madzulo fani inazungulira, fyuzi osapsa, koma mphepo yake inali yotentha ndiponso yonunkha mkodzo wa makoswe. Kompuresa sinkagwira. Ikamagwira imalira kuti tha, ndipo ine ndinadina batani kambirimbiri khutu lili ku injini osamva kanthu. Ndinalowa m'nyumba kukapereka lipoti, ngati kwa kasitomala. Achimwene anatsegula maso pang'ono.

“Wagonja?” anatero.

“Ayi, achimwene. Mawa izizira.”

Anamwetulira, mano okhaokha. Mawu amenewo ndi omaliza amene tinalankhulana.

Lachinayi ndinatenga babu ndi kawaya, nkuyamba kulondola moto kuchokera pa batani kupita ku kompuresa. Apa babu ikuyaka, apa ikuyaka, apa yazima. Panali pa kabowo pamene mawaya amadutsira kuchoka mkati kupita ku injini, malo oti dzanja limalowa chammbali. Khoswe anadula waya mmodzi yekha, wochepa ngati udzu. Ndinasupuka zala polumikiza. Cha m'ma leveni ndinadina batani, kompuresa inati tha, paipi inayamba kuchita thukuta, ndipo mphepo yozizira inandiwomba kumaso. Ndinasangalala. Ndikuchita manyazi kulemba zimenezi, koma ndinasangalala kwambiri, mpaka ndinamenya chiwongolero.

M'nyumba ndinapeza amayi atawatsamiritsa achimwene pa miyendo yawo. Maso anali otseka, pakamwa pali yasa, kupuma kwawo kwapatalipatali. Ndinawauza kuti eyakoni yatheka, sanayankhe. Ndinawanyamula ndekha, ndipo kupepuka ndinkakuopa kuja ndinakudziwa.

Tinadutsa pa Namitambo magalasi ali otseka monga anafunira. Anthu pa msika anaizindikira galimoto, ena anakweza manja kupereka moni kwa mwini wake. Mkatimo munazizira mpaka amayi anawafunditsa chitenje chomwe anachikana chija.

Kuchipatala namwino wachikulire anawagwira pa mkono, nkuwatsegula chikope. Kenako anatiyang'ana.

“Masiku onsewa munali kuti ndi munthuyu?”

Amayi anangoyang'ana manja anga akuda ndi girisi.

Achimwene anamwalira m'mawa mwake. Kapena akanapitabe ngakhale tikanafika Lachiwiri, chifukwa masiku amenewo mankhwala anali asanafike kwa anthu ngati ife. Ndadziuza zimenezi kambiri, koma sizindikwana. Thupi tinabwera nalo m'galimoto yomweyo, mpando titaugoneka, ndipo eyakoni inagwira ntchito bwino njira yonse. Akuluakulu a pamudzi anandiyamikira kuti kuzizirako kwathandiza, poti kunja kunkatentha.

Tsiku loika, isanakwane nthawi yopita kumanda, anatsegula bokosi kuti anthu aone nkhope, monga timachitira. Unali mzere wautali, wochokera pakhomo mpaka pa mtengo wa mango pamene panaima galimoto. A pa msika wa Namitambo analipo onse, ogulitsa matemba, okonza njinga, ngakhale aja ankalowa awiriawiri kudzamva kuzizira. Aliyense anawerama nkuyang'anitsitsa.

Ndikadali makaniko, ndipo eyakoni ndimaikonza msanga kuposa anzanga. Makasitomala akandifunsa kumene ndinaphunzirira, ndimati ku Limbe. Funso la namwino lija ndi limene sindinaliyankhe pamaso pa munthu aliyense. Amayi anakhala zaka zisanu ndi zinayi pambuyo pake, ndipo sanakwerenso galimoto ija ngakhale tsiku limodzi.