Zitsekerero za Alamu Anga

Alamu anga, amuna a mlongo wanga wamkulu, ayendetsa basi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri osaponda ngakhale nkhuku. Izi sindinachite kumva kwa anthu, eni ake amandiuza Loweruka lililonse. M'mawa uliwonse akamadutsa pa shopu yanga yosokera amaliza hutala kawiri, ndipo ine ndimakweza lumo m'mwamba kuwayankha.

Tinkawatchula kuti a Kingi chifukwa cha dirafuti. Loweruka ndi Lamlungu masana tinkasonkhana anthu anayi kuseri kwa shopu: iwowo, ineyo telala, Aphunzitsi opuma ntchito, ndi a Kalipentala amene anatikhomera bolodi. Tinkasewera ndi zitsekerero za mabotolo, wina zoyang'ana kumwamba, wina zovundikira. Awiri akakhala pa bolodi, awiri enawo ankamenya makhadi pa tebulo lodulira nsalu. Alamu sankagonja. Ankakudya zitatu nthawi imodzi, nkukufunsa mwaulemu ngati kunyumba kuli bwino.

Chaka chino anasiya makhadi, ati ndi masewera a ana osukulu. Anayambanso kachizolowezi koyendetsa chala pamwamba pa zitsekerero zonse asanasunthe, ngati mayi wosankha nyemba. Ife tinkati ndi matama chabe, poti matamawo anali nawo okwanira mudzi wonse.

Loweruka lina Aphunzitsi anabwera atakwapatira katoni. Mwana wawo anawatumizira bolodi ya m'sitolo, yonyezimira, yokhala ndi timabatani tosalala, takuda ndi tofiira moderako.

"Lero tisewere ngati anthu ophunzira," anatero Aphunzitsi. "Zitsekerero zija zatiwalitsa zala mokwana."

"Zakalezo zalakwanji?" anafunsa alamu.

"Mukuopa kapena, a Kingi?"

Munthu wa matama samva mawu amenewo kawiri. Anakhala pansi, ine ndinakhala mbali inayo. Anayendetsa chala monga mwa masiku onse, koma chalacho chinkangoterereka. Atasuntha kachinayi anagwira batani langa nkulikankhira kutsogolo. A Kalipentala anaseka mpaka kutsokomola, ati a Kingi ayamba kuthandiza amphawi. Alamu anasekanso. Patapita kanthawi anadumpha batani lawo lomwe, nkulichotsa pa bolodi, nkundifunsa ngati kunyumba kuli bwino.

Palibe anaseka. Ndinazindikira kuti miyezi yonseyi munthuyu ankasewera ndi chala: chitsekerero choyang'ana kumwamba chimabaya ndi mano ake, chovundikira nchosalala. Maso anali atapita kale, ndipo Lolemba anali kukanyamula anthu makumi asanu ndi limodzi.

Aphunzitsi anati dzuwa likuthobwa pa bolodi yonyezimirayo, tibweze yakale. Tinabweza, alamu anatikwapula tonse atatu mmodzimmodzi, ndipo aliyense anapita kwawo akuyang'ana nsapato zake. Amuna akuluakulu atatu, ndevu zaimvi, kuopa kutsegula pakamwa.

Lamlungu ndinawauza awiri aja kuti achedwe dala. Alamu atafika ndinatenga khadi limodzi nkuima pakhomo, mapazi asanu okha kuchokera pomwe anakhala.

"Alamu, khadi ili ndi lanji?"

"Ndinakuuzani kuti za anazo ndinasiya."

"Ingonenani mtundu wake."

Anatembenuzatembenuza chitsekerero m'manja.

"Msewu uja ndimaudziwa ngati chikhatho changa," anatero motsitsa mawu. "Dzenje lililonse, kona iliyonse. Ndikhoza kuyendetsa nditatsinzina."

"Dzenje silisuntha, alamu. Mwana wothamangira mpira ndiye mumudziwa bwanji?"

"Kwatsala chaka chimodzi kuti ndipume bwinobwino. Chimodzi chokha. Mlongo wanu sakudziwa. Mukufuna ndikhale pakhonde ngati mpando wothyoka, anthu azindilambalala?"

Ndinawamvera chisoni, ndisaname. Munthu ameneyu ndi amene ananyamula makina anga oyamba pamutu kuchokera kusiteshoni, ine ndili mnyamata wopanda ngakhale nsapato zabwino. Koma ndinapsanso mtima, chifukwa mwana wanga wamkazi amakwera basi yomweyo popita kuntchito, ndipo amakhala mpando wakutsogolo poti oyendetsa ndi amuna a azakhali ake.

"Mawa mukagwira chiwongolero, ine ndikanena ku ofesi kwanu," ndinatero. "Kapena mupite nokha mukapemphe kuti adokotala akuoneni."

"Inuyo, alamu?"

"Ineyo."

Anaimirira, anakonza kolala, natuluka. Pakhomo phewa lawo linagunda felemu, ndipo sanatembenuke. Aphunzitsi ndi a Kalipentala atafika anapeza bolodi itayalidwa, mpando uli wopanda munthu. Tinayesa kumenya makhadi atatufe, koma palibe ankakumbukira kuti woponya ndani.

Lolemba ndinatsegula shopu molawirira, nditavala jekete lopitira ku maofesi. Ndinakhala pa makina osaponda, khutu lili kumsewu. Ndinkaopa kumva hutala uja, ndinkaopanso kusamumva. Basi inatulukira pa kona nthawi yake yeniyeni. Lumo linali kale m'manja mwanga, dzanja litazolowera. Inadutsa osaliza kanthu, pa chiwongolero pali munthu wina wovala chipewa.

Ndinamva pambuyo pake kuti anapita okha ku ofesi, atavala yunifolomu yosita bwino, nkukapereka makiyi. Adokotala akuti diso limodzi mwina lingapulumuke. Mlongo wanga akandiona pamsika amayankha moni ndi mphuno. Amati nkhani ya m'banja ndikanayamba kuuza iye, ndipo mwina akunena zoona.

Papita Maloweruka asanu ndi awiri. Bolodi ya m'sitolo Aphunzitsi anaibweza kwawo osauzidwa ndi munthu. Yakale ija ndimaiyala masana aliwonse a Loweruka, mbali ya alamu ndimaika zitsekerero zoyang'ana kumwamba, za mano zija, kuti akabwera asavutike kupeza zawo. Dzuwa likapendeka ndimazitolera m'chitini.