Geti la a Tomizo

A Tomizo ndi ometa tsitsi, koma m'tauni yathu ya asodzi timawadziwira geti. Khoma la simenti limatitchinga ku nyanja, ndipo poti magalimoto a nsomba amafunika kufika padoko, anasiyapo mpata wokhala ndi chigeti chachitsulo chokankha ndi manja. Namondwe akamayandikira, otseka ndi iwowo. Nyumba yanga ndi yoyamba kumbuyo kwa getilo, ndiye moyo wa bamboyu ndimautsata kuposa wa abale anga.

Nyengo ya anamondwe ikafika, musalakwe kukametetsa kwa iwo. Maso amakhala pa kanema, pomwe a zanyengo amaonetsa kabwalo koyera ka namondwe kakukwawa pamapu, lumo lili pakhosi panu. Anthu amatuluka mutu utametedwa mbali imodzi koma sadandaula.

Chaka chatha namondwe ankaoneka ngati atilambalala. Masana anakhota. A Tomizo anayang'ana mapu, nayang'ana nthawi yomwe nyanja idzadzaze, ndipo ndinaona nkhope yawo ikugwa. Namondwe ndi kudzaza kwa nyanjako zinkakumana madzulo omwewo.

Chimkuzamawu cha tauni chitalamula kuti mageti atsekedwe, a Tomizo anandiitana kuti ndiwathandize kukankha. Mvula inkabwera chopingasa. Tili pakati pokankha, anaima. Kumapeto kwa doko kunali munthu atawerama pa boti, akuwonjezera zingwe. Anali a Gengo, mkulu wawo, nkhutukumve ya munthu, amene bondo lawo linafa kalekale.

"Achimwene! Tikutseka!"

"Tseka, iwe! Ndani wakugwira manja?"

"Siyani botilo, madzi afika!"

"Wometa andiphunzitse ine za nyanja? Pita ukasese tsitsi!"

Funde linakwera padoko, n'kudutsa pampata uja, n'kundinyowetsa mpaka m'mawondo. Ndinatembenuka kuona madzi akulowera mumsewu wathu, momwe muli nkhalamba zosatha kuthawa. Ndinachita mantha, ndipo ndinakwiya. Pali masitepe okwerera pamwamba pa khoma, koma tonse tinkadziwa kuti a Gengo sangawakwere okha.

"A Tomizo, tsekani," ndinatero. Sindichita nazo manyazi.

Anadutsa pampatapo, n'kuima mbali ya kunyanja, n'kuyamba kukoka geti kuchokera kunjako.

"Mai Hatsue, likagunda mugwetse mpiringidzo. Ngakhale mumve ndikugogoda, musatsegule."

"Mwapenga kodi?"

"Kankhani!"

Ndinakankha. Chitsulo chinagunda, ndinagwetsa mpiringidzo. Kenako zii, kupatula mphepo ndi mafunde omenya geti ngati munthu wofuna kulowa. Ndinkayesetsa kumvetsera ngati pakati pa phokosolo pali kugogoda kwa dzanja, uku ndikupemphera kuti ndisakumve. Madzi ankatuluka pansi pa geti pang'onopang'ono. Ndinathamangira pansi pa masitepe, maso m'mwamba, mvula ikundilasa m'maso.

Choyamba kuoneka pamwamba pa khoma chinali chipewa cha a Gengo. Kenako a Tomizo, akukwawa ndi manja ndi mawondo, mkulu wawo ali kumsana ngati mwana. Chibale ndi fupa, sichiola. Anatsika sitepe imodziimodzi, magazi akuchucha pamphumi, ndipo atafika pansi anangokhala m'madzimo.

A Gengo anayang'ana khoma, kuseri kwake boti lawo likusweka. Tonse tinkalimva. Kenako anayang'ana mng'ono wawo.

"Chitsiru iwe. Ndikanakhala ine, ndikanakutsekera kunja."

A Tomizo anapukuta magazi ndi mkono wa malaya.

"Ndikudziwa, achimwene. N'chifukwa chake geti anapatsa ine."