Manda Oyang'ana Kumpoto

Mvula inagwa usiku wonse, ndipo kutacha inkangowaza pa malata. Achule ankalira kudambo, mtsinje ukusokosera kuseri kwa phiri. Akazi anga anamwalira m'mawa umenewo, nditangomaliza swala, pemphero lathu la m'bandakucha.

M'mudzi mwathu, kumtunda kwa Chisepo, Asilamu tinalipo awiri okha, ine ndi iwo. Anzathu a kumzikiti ali ku Madisi, ambiri ndi a magolosale. Ndinawaimbira foni. Anati akubwera ndi galimoto, ndi sanda yokulungira maliro, ndi amayi osambitsa thupi. Dzuwa linafika pamutu, osaoneka. Ndinaimbanso, anati msewu waterera. Kenako foni inkangoitana.

Ife maliro sitigoneka. Ndinkalowa m'nyumba, kutuluka, kukaima kumsewu, kubwerera. Mkazi amene sanaphonyepo swala ndimuike ngati wopanda chipembedzo?

Mayi wina woyandikana nafe, wa mvano ku tchalitchi, anandipeza pachigafa cha fodya.

"Bambo, tiuzeni kasambitsidwe kake. Tichita ife."

"Simukudziwa mwambo wathu, mayi."

"Ndiye mutiuze! Malemuwa ankanditwika ndowa pamjigo msana utandivuta, tsiku ndi tsiku, osandifunsa kuti ndimapemphera kuti. Ndiwasiye chonchi?"

Kumzikiti timaphunzira kuti kuthandiza mnzako kusenza katundu ndi sadaka, mphatso yachifundo pamaso pa Mulungu. Sindinkadziwa kuti akazi anga ankaipereka m'mawa uliwonse ine ndili kumunda.

Ndinaima kunja kwa chitseko n'kumawauza: yambani mbali ya kumanja, thupi likhale lofunda nsalu, madzi akhale oyera. Sanda panalibe. Anang'amba nsalu yoyera imene wina ankasungira bulauzi ya mvano.

Nditapita kumanda mtima unangoti phwii. Adzukulu, okumba manda aja, anali atakumba kale dzenje motsata kutsetsereka kwa phiri. Akazi anga akanagona mmenemo, nkhope sikanayang'ana kumpoto, kumene kuli mzinda woyera wa Maka. Dzuwa linali litapendeka, anthu atatopa, matope mpaka m'mawondo. Ndinachita manyazi, komabe ndinanena.

Mkulu wa adzukulu anaponya khasu pansi. "Achimwene, inu ndi ovuta! Munthu wagona, mukufunanso aziona malo?" Anzake anaseka. Iye analavulira m'manja, n'kutolanso khasu. "Lozani bwinobwino kumpoto kwanuko. Kachitatu sitikumba, tikwirira inuyo."

Anakumba lina pambali pake, mvula itayambanso. Wina ankakapa madzi ndi chidebe, dothi likugumukira mkati. Ine ndinkangoyang'ana kumadzulo, kuopa mdima.

Swala ya maliro ndinaima ndekha. Kumbuyo kwanga kunali amuna onyowa, zipewa zili m'manja. Akazi anga tinawagoneka chakumanja, nkhope kumpoto, kusanade.

A ku Madisi anabwera mawa lake masana, ndi shuga ndi sanda imene inalibenso ntchito. Anakhala pamkeka n'kufotokoza za msewu. Ndinali nditamva kale kuti galimoto za fodya zinadutsa msewu womwewo dzulo lake. Sindinawafunse. Mwina anaopa matope, mwina sitolo inalibe woisiyira. Za mumtima mwa munthu amadziwa ndi Allah. Kwa miyezi ingapo ndinkati ndikaima nawo mzere umodzi kumzikiti Lachisanu, phewa likakhudza phewa, chifuwa chinkanditentha, ndipo ndinkaopa kuti swala yanga sikulandiridwa.

Zinanditengera nthawi, koma ndinawakhululukira.