Zitenje pa Mizere ya Bitiruti

Ndikakumbukira Epulo wa chaka chomwe ndinali ndi zaka khumi, zimene zimabwera m'maso mwanga ndi zitenje: zofiira, zachikasu, china cha nkhanga, china cha mawu a m'Baibulo, zonse zitayalidwa pansi m'mphepete mwa njanji ku Barking, mumzinda wa London, zitauma gwa ndi chisanu, anthu a m'sitima za m'mawa akuzisuzumira pazenera. Fungo lake ndimalimvabe, la dothi lonyowa losakanikirana ndi la m'sutikesi, chifukwa nsaluzo zinali zitakhala zaka pamwamba pa wadirobu. Kuno chitenje sichitchinga mphepo, ndiye Amayi ankangozisunga.

Pamalopo panali timinda tomwe amabwereketsa anthu okhala m'mafulati, eni dziko amati alotimenti. Amayi anadikira mpaka kutopa kuti apatsidwe kagawo, ndipo kamene analandira kanali ka minga ndi mabotolo okhaokha. Komiti ya pamenepo inali ndi lamulo lakuti watsopano aonetse mbewu zomera pofika Meyi, apo ayi kamundako kapite kwa wina. Kwa anansi athu, kulima kunali kotayitsira nthawi Loweruka. Kwa Amayi ayi. Munda wa ku Ntcheu umene anawasiyira amayi awo, abale anali atagawana kale, ati munthu wa ku UK khasu alitani. Choncho mayi amene ankakhalira kusambitsa ndi kudyetsa nkhalamba za eni ku keya homu analibe dothi lina pansi pa thambo loti n'kunena kuti langa, kupatula kachigamba kameneko.

Anasankha bitiruti, osati chifukwa cha mizu yofiira ija imene azungu amaviika mu viniga, koma masamba ake. Ankati ukawatendera bwino amayandikira bonongwe, ndipo mizuyo ndi yongoonjezera magazi. Anaunda mizere italiitali ngati ya chimanga, ndi khasu lenileni lomwe mnzawo wa ku Chipata anawabweretsera, pamene anansi ankasalaza mabedi a mbewu zawo ndi foloko ya kumunda n'kumationera ngati tikukumba manda. Njere zake, zokhakhala ngati timiyala, tinaziviika m'kapu ya tiyi kuti zifewe.

Apa ndi pomwe dziko la eni linatipusitsa. Kwathu mlimi amamvera mvula: ikagwa yokwanira, dothi n'kununkhira, amadzala tsiku lomwelo. Ndiye kumayambiriro kwa Malichi itagwa mvula yabwino, kunja n'kufundako pang'ono, Amayi sanafunse munthu. Mkulu wa komiti, bambo wa chipewa chaubweya amene ife tinkangomutcha Achipewa, anadzatiuza kuti tafulumira. Amayi anathokoza mwaulemu n'kupitiriza kudzala. Timbewu tinameradi, timiyendo tofiira ngati ta nkhunda, ndipo Amayi ankayenda ngati apambana mlandu. Kenako kunabwera madzulo ena opanda kamtambo ndi kamodzi komwe, m'mawa mwake tinapeza timbewu tonse titagona, titada bii. Amayi anati chisanu chawotcha. Ine, mwana womva Chichewa koma woyankha m'Chingerezi, ndinatsutsa kuti chinthu chozizira sichingawotche, ndiye anandigwiritsa katsamba kamodzi. Kanali kofota ngati kathiridwa madzi owira. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti mvula ya ku London ndi yabodza, imagwa chaka chonse ndipo siuza munthu kanthu.

Ndinkayembekeza kuti alira. M'malo mwake anaviika njere zina, ndipo Epulo atalowa tinadzalanso, tikudziwa kuti ulendo uno ndi womaliza chifukwa Meyi anali pakhomo. Achipewa sanali munthu woipa, ndipo anatilangiza kuti tigule nsalu yoyera yopepuka ija imene aliyense pamenepo ankafunditsira mbewu. Amayi anakana kwamtuwagalu. Anandiuza tikubwerera kuti nsalu yoyera yofunditsa amaiona ku ntchito munthu akatisiya, ndipo mbewu zawo sizinafe. Titafika kunyumba anatsitsa sutikesi.

Kuyambira pamenepo tinakhala anthu oyang'ana kumwamba. Madzulo kukayera, mphepo n'kukhala bata, tinkathamangira kumundako Amayi asanakwere basi yopita ku shifti yawo ya usiku. Tinkazika timitengo m'mizere kuti nsalu isakhudze masamba, n'kuyala zitenje, n'kuzitsindira ndi njerwa. M'mawa ankatsika basi maso ali psuu ndi tulo, ine nditavala kale yunifomu, n'kumavundukula limodzi dzuwa lisanakwere, zala zikuluma ngati zamenyedwa ndi rula. Anzanga ena a kusukulu anationa ali m'sitima, n'kuyamba kundifunsa ngati mayi anga amagulitsa zovala m'tchire. Zinandipweteka, sindinama, koma mkwiyo unaposa manyazi. Ndinawauza kuti inde amagulitsa, koma osati kwa anthu ngati iwowo.

Tsiku lina Achipewa anabwera akukanda m'khosi, ati anthu ena akudandaula kuti malo athu akuoneka ngati poyanikira zovala, ndiye mwina tizichotse. Amayi Chingerezi amachidziwa bwino, ankachilankhula usiku wonse ndi madokotala ndi abale a odwala, koma tsiku limenelo anatembenukira kwa ine.

“Umuuze kuti Chingerezi ndachisiya ku shifti,” anatero. “Umuuzenso kuti kwathu amati mlendo ndi mame, koma ineyo si mame ayi. Sindikamuka.”

Mwambiwo unandikanika kumasulira. Ndinangoyang'ana bamboyo m'maso, zomwe mwana wa kwathu sachita kwa wamkulu, n'kumuuza kuti zitenje sizichoka. Amayi sanandidzudzule.

Kumapeto kwa Epulo wailesi inalengeza kuti kubwera chisanu china choopsa. Madzulo amenewo tinapeza kuti chitenje cha nkhanga chija, chomwe tinachiyanika kuti chiume, mphepo yachiulutsira kuseri kwa mpanda wa njanji kumene munthu saloledwa kulowa. Mzere umodzi unatsala pamtunda, uja womera bwino kuposa yonse. M'sutikesi munali mutatsala nsalu imodzi yokha, ndipo tonse tinkaidziwa. Chinali chitenje cha pamaliro a amayi awo, chomwe azimayi onse apabanja anavala tsiku loika. Amayi sanathe kupita chifukwa mapepala awo anali asanatuluke, ndiye abale anangowatumizira chawo. Chilandirireni, Amayi anali asanachifunyululepo. Titabwerera kunyumba, Amayi anakhala pabedi atachiika pamiyendo, nthawi ya basi ikutha, kenako anaimirira.

“Amayi anga anali mlimi,” anatero. “Sangakane kufunditsa mbewu.”

M'mawa mwake udzu wonse unali mbuu, madzi a m'ndowa ataundana. Timbewu ta kumapeto kwa mizere, kumene nsalu sinafike, tinapsa. Totsalato tinali chilili, tofiira, tonyowa, ndipo mzere wa pansi pa chitenje cha agogo sunataye ndi kamodzi komwe. Meyi atafika Achipewa anazungulira mizereyo manja ali m'matumba, n'kungonena kuti mbewu zathinana, zikufunika kupatulira. Kumeneko kunali kuvomera kwake kuti munda ndi wathu. Ananena zoona, ndipo timene tinazulato tinakatendera tsiku lomwelo. Ndiwozo sizinafanane kwenikweni ndi bonongwe, koma palibe anayerekeza kunena.

Lero mawondo a Amayi salolanso khasu, ndiye ndimalima ndine, pa kachigamba komweko, mizere yomweyo. Ndinaphunzira kusakhulupirira mvula ya Malichi ndi kuopa thambo loyera. Ndinaphunziranso kuti kwa eni ukhoza kumvera malangizo onse a nyengo popanda kupempha chilolezo chokhala chimene uli. Chitenje chija Amayi anayamba kuchivala, ndipo amapita nacho ku misonkhano ya amayi a mpingo ku Ilford. M'mphepete mwake muli mabanga a dothi ndi a njerwa amene sanachoke, ndipo nthawi zonse pamapezeka mayi wachifundo wowauza mankhwala ochotsera. Amayi amathokoza mwaulemu, monga anathokozera Achipewa, n'kumuuza kuti alisiye, dothi limenelo ndi la m'munda mwawo.