Maluwa amene ndinadula m'munda wa amama

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku Misuku, kutali ndi kwathu ku Lilongwe. Bungwe lina la alimi a khofi linanditenga ngati mlembi, koma abwana anandiuziratu kuti andiyesa kaye miyezi itatu. Ndikapanda kuwagwira mtima, ndikwera galimoto yomwe inandibweretsa. Kwathu ndinali nditatsanzika mwamatama, ndiye kubwerera chimanjamanja ndinkakuopa kuposa misewu ya m'mapiri aja.

Khofi ndinkangomudziwa wa m'kapu. Chimene ndinkanyadira chinali maphunziro anga a ulembi, kumene anatiphunzitsa kuti mlendo wolemekezeka wa pantchito amalandiridwa ndi maluwa. Choncho abwana atanena kuti kukubwera bambo wina amene kampani yake inkagula khofi wathu wambiri, ndinafulumira pakamwa. "Zolandira mlendo mundisiyire ine," ndinatero. Nditatuluka panja m'pamene ndinakumbukira kuti sitolo ya maluwa sindinaionepo, ngakhale ku boma ku Chitipa.

Kuseri kwa ofesi kunali munda wa mayi wina wamasiye, mmodzi wa alimi athu. Ine ndinkawatchula amama, iwo ankanditchula mwana wane. Ankandimvera chisoni poona kuti ndimagula chilichonse, mpaka nthochi. Tsiku lina anandiuza m'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitumbuka kuti, "Munda uwu ngwanunso. Mukakhumba kanthu, thyolani waka, osachita kupempha."

Mvula yoyamba inali itagwa masiku angapo m'mbuyomo. M'mawa wa tsiku la mlendo ndinatsegula chitseko n'kupeza munda wonse uli mbuu, mitengo ya khofi itachita maluwa oyera, fungo lake lokoma likufika mpaka pakhonde. Ndinati Mulungu wandiyankha. Ndinatenga mpeni, ndinalowa m'munda wa amama, ndipo sindinadule mwachisawawa ayi. Ndinasankha nthambi zodzaza kwambiri, m'mitengo inayi yokongola kuposa yonse. Ndinazimanga bwinobwino ndi luzi la nthochi, kwinaku ndikudziyamikira mumtima. Paja safunsa anadya phula.

Mlendo anafika cha m'ma teni, galimoto yake ili matope okhaokha. Alimi anali atakhala pamabenchi panja pa ofesi. Ndinatuluka ndi maluwa anga, ndinapinda mawondo, n'kumupatsa ndi manja awiri. Ndinkayembekezera kuti anthu aomba m'manja, koma palibe amene anaomba. Nditacheuka ndinaona abwana akuyang'ana nsapato zawo.

Bamboyo ananunkhiza maluwawo, kenaka anayendetsa chala pa nthambi imodzi pang'onopang'ono. "Duwa lililonse apa likanakhala chipatso cha khofi," anatero motsitsa mawu. "Kodi alimi a kuno amadula nthambi zobereka? Wadula ndani?"

Apo m'pamene ndinamvetsa. Sindinadule maluwa, ndinadula zokolola za mayi wamasiye, ndipo ndinachititsa manyazi alimi onse pamaso pa munthu amene ankawagula khofi. Ndinayamba kuona galimoto yobwerera ku Lilongwe.

Ndisanatsegule pakamwa, amama anadzuka pabenchi, akumanga chitenje. Mitengo yawo ankaidziwa ngati ana awo, ndipo ndikhulupirira kuti nthambizo anazizindikira ndisanafike n'komwe pamene panali mlendoyo.

"Yayi, adada, musamufunse mwana," anatero. "Mitengo njane, ndi yanga. Ndine namutuma. Kwathu kuno mlendo wakutali timamuphera nkhuku, olo ikhale yoikira. Imwe mwayenda msewu woipa chomene kuti mutipeze. Landirani."

Bamboyo anavula chipewa n'kuthokoza amama. Anapempha kuti akaone munda umene maluwawo anachokera, ndipo anakhalamo nthawi yaitali, akufunsa za manyowa ndi mthunzi wa nthochi. Pochoka anauza abwana kuti apitiriza kugula khofi wathu. Maluwawo anawaika pampando wakutsogolo.

Abwana sanapusitsike. Madzulo anandiitana mu ofesi n'kundifunsa ngati ndikudziwa zaka zimene mtengo wa khofi umatenga kuti uyambe kubereka. Sindinkadziwa. "Amene mwawalakwira akuikirani kumbuyo," anatero. "Ine ndinganenenso chiyani? Mawa mubwere kuntchito."

Ndinapita kwa amama ndikulira, ndinagwada pakhomo. Ndinkafuna andikalipire kuti mtima upepuke, koma anangondidzutsa n'kundipatsa mapeyala awiri. "Ndine nati thyolani waka," anatero akuseka. "Nkhamanya yayi, sindinkadziwa kuti ana a ku tauni mumathyola chilichonse." Za nthambizo sanatchulenso.

Miyezi itatu ija inatha, ndinalembedwa ntchito. Ndinaphunzira kusiyanitsa nthambi yobereka ndi yongomera, ndipo alendo a bungwe ndinayamba kuwaitana nthawi ya maluwa kuti adzawaone ali pamtengo pomwe. Ndinayamba kuganiza kuti nkhani ija inaiwalika.

Nthawi yokolola itakwana, amama anabwera ku ofesi Loweruka m'mawa ndi madengu awiri ofanana. Limodzi anandipatsa ine. Anandilozera mitengo inayi ija kuti ndithyole, iwo n'kutenga ina inayi yoyandikana nayo. Tinathyola zipatso zofiira. M'mitengo yangayo dzanja linkangofika pa zitsa za nthambi zimene ndinadula, zitauma kale, ndipo chilichonse ndinkachikumbukira.

Titamaliza tinaika madengu pansi moyandikana. La amama linali lodzaza mpaka pakamwa. Langa linali loperewera ndithu, moti dzanja linkalowa mpaka pamkono lisanakhudze khofi. Amama anawerama, anayendetsa dzanja lawo m'malo opanda kanthu aja, n'kundiyang'ana mwachifundo.

"Mwana wane," anatero, "maluwa anu aja ndi awa."